Moto pa Ndime ya Che Nasoro

1. Khasu pakhomo

Afisa anali mtsikana wosadziwa kukhala pansi. Aphunzitsi ake a Fomu 3 ankati mpando umamuluma. Anthu a ku Chilobwe ankamudziwira fumbi, chifukwa ngakhale pomutuma mchere pa benchi yapafupi, iye ankapita chothamanga.

Loweruka limeneli zinanyanya. Anasesa, anatunga madzi, anatsuka mbale, zonse mwaphuma. Kenaka anatulutsa nsapato zake zosewerera mpira n'kuzipukuta kachitatu, ngakhale zinali zoyera kale.

Tsikulo, 2 koloko masana, kunali kusankha atsikana olowa timu ya mpira wamanja ya mumzinda, pa bwalo la achinyamata kufupi ndi Ginnery Corner. Afisa anali atadikira tsikuli mwezi wathunthu.

Bambo ake, Che Nasoro, anatuluka m'nyumba atavala kale ovolosi. Iwo ankayendetsa lole ya a Dinesh, mwini sitolo yaikulu yopikulitsa katundu ku Limbe. Dzanja lina ananyamula khasu ndi chikwanje. M'dzanja linalo munali khadi lobiriwira.

Afisa atangoona khadilo, mtima unangoti phwii.

"Mwanangu," anatero Che Nasoro, "pabuka ulendo wa ku Nsanje ndipo sindingaukane. Ndime yathu ku paki sinalambulidwe, ndipo tsiku lomaliza ndi lero. A Gracian ayendera ndime zonse 3 koloko."

"Ababa, koma lero ndi tsiku la timu lija!"

"Ndikudziwa. Wolakwa ndine. Zengerezu analinda kwawukwawu, ndipo zengerezuyo ndi bambo akowa. Koma ukayamba m'mawa uno, dzuwa likamafika paliwombo ukhala utamaliza. Ku Ginnery ukafika nthawi ikadalipo."

Afisa anayang'ana khasu, anayang'ana nsapato.

2. Khadi lobiriwira

Paki ya Msuku inali kachigawo ka nkhalango komwe kanapulumuka m'mbali mwa phiri, kuseri kwa Chilobwe, mitengo ina yonse itathera m'matumba a makala. Munali tinjira toyendamo, mlatho wa zingwe, mapanga awiri, kasupe, ndi apusi odziwa kutsekula zikwama za ana asukulu.

Pakiyo ankaisunga ndi mabanja omwe analembetsa umembala. Banja lililonse linkapereka kangachepe pachaka n'kulandira zinthu zitatu: khadi lolowera, malo obzalapo mtengo wokhala ndi kachitsulo ka dzina, ndi ndime.

Ndimeyo ndiyo inali thukuta lake. M'mphepete mwa waya wa paki munali njira yotchinga moto. Njirayo anaigawa m'zidutswa, ndipo banja lililonse linkayenera kulambula chidutswa chake mpaka dothi lionekere, mwezi wa Ogasiti usanafike pakati. A Gracian, woyang'anira paki, akakhutira, ankadinda khadi. Banja losalambula linkapumitsidwa chaka chathunthu. Banja loyatsa moto m'paki linkalandidwa khadi mpaka kalekale, ndipo kachitsulo ka dzina kankazulidwa pamtengo.

"Ababa, bwanji osangopuma chaka chino chokha?" anafunsa Afisa. "Anthu ambiri m'Chilobwe muno alibe khadi koma akukhala bwinobwino. Paki ndi ya a ku Nyambadwe, okhala ndi magalimoto."

Che Nasoro anali atachedwa kale, koma anakhala pansi pakhonde.

"Tamvera, mwana iwe. Chibadwire chako tasamuka kasanu ndi kawiri. Ndirande, Bangwe, Zingwangwa, kwinako mpaka ndaiwala. Pa nyumba ya lendi munthu subzala kanthu. Ku Bangwe ndinabzala papaya. Litangoyamba kubereka, eni nyumba anatitulutsa, n'kudya ena. Zimenezi mayi ako zinkawawawa. Ankati, 'Mwanayu akadzakula, adzaloza pati kuti apa m'pathu?' Ndiwo anandikokera ku paki, iwe uli kumsana. Dzenje anakumba okha, mbawa ija anabzala okha. Lero mayi ako anagona ku Machinga, komwe timapitako kamodzi pa zaka ziwiri. Koma mtengo wawo uli pompa, ulendo wapansi. Ashehe amatiuza kuti mtengo ndi sadaka yosatha. Mbalame ikaterapo, munthu akapumapo, mphoto imapita kwa wobzala. Ndiye ukamati ndisiye khadi, ukuti nditseke sadaka ya mayi ako."

Afisa anawerama.

"Ndipo za Nyambadwezo ndisazimvenso. A ku Nyambadwe ali ndi mitengo yawo kuseri kwa mipanda. Ofuna paki kwambiri ndife, osowa ndi pomanga chingwe choyanikira zovala pomwe. Madzi a kamtsinje komwe mumachapako aja ukuganiza amachokera kuti? Mayina a mbalame omwe unakhoza nawo mayeso unawamvera kuti? Liwiro lakoli unaliphunzirira pa tala? Unaliphunzirira m'tinjira ta m'paki, ine ndikukuwa pambuyo pako."

Anaimirira n'kumupatsa khadi pamodzi ndi kafoni kam'nyumba ka mabatani.

"Chomaliza. Udzu ukakukwana, usayerekeze kutentha. Anthu amati kutentha n'kufulumira. Moto wa mu Ogasiti ulibe mwini, mwanangu. Khasu limachedwa, koma silipitirira pomwe walituma. Ndiimba ndikafika ku Nsanje. Ukawapatse moni mayi ako."

Umu ndi momwe Che Nasoro ankautchulira mtengowo masiku onse: mayi ako.

3. Ndime 14 ndi ndime 15

Afisa anafika ku paki akuthamanga, khasu paphewa, nsapato za mpira zili m'kachikwama. Atafika pa ndime 14, mphamvu zinamuthera. Udzu wa tsekera unali wautali kumuposa, wouma kuti gwaa, ndipo unayenda mapazi makumi anayi motsata waya.

Cham'kati pang'ono panaima mbawa ya mayi ake, yowongoka, yamasamba obiriwira pakati pa chilimwe. Afisa anaigwira thunthu ndi chikhatho monga mwa nthawi zonse, koma lero moni wake unali wachidule.

Ndime yoyandikana nayo, ya nambala 15, inali mbee ngati bwalo la sukulu tsiku lobwera alendo. Kuseri kwake mkulu wina wamfupi, waimvi, anali atanjuta, akuthirira kamtengo kofika m'mawondo ndi madzi a m'chigubu. Anali a Dinesh. Mkuluyu anabadwira ku Limbe komweko, ndipo Chinyanja ankachilankhula kuposa ana ambiri a ku Nyambadwe.

"Ee, mwana wa Che Nasoro! Bambo ako ndakulanda ndine lero, undikhululukire. Katundu wa ku Nsanje sakanadikira."

"Palibe kanthu, ankolo," anatero Afisa. Kanthu kanalipo, koma mwana woleredwa bwino sanena zonse.

"Ndime yangayi yanditengera masabata atatu. Taona manjawa. Ku Limbe ine ndi bwana, koma kuno khasu silidziwa bwana."

Afisa anayang'ana kamtengo kaja. Pa kachitsulo kake panalembedwa kuti Priya.

"Ndi bwemba ameneyu," anatero a Dinesh. "Ife Ahindu maliro athu timawotcha, phulusa n'kukalimwaza pamadzi. Ndiye manda oti ndizipitako palibe. Komanso timakhala pamwamba pa sitolo. Pakhomo pathu ndi simenti ndi mahutala a minibasi. Akazi anga, azakhali ako a Priya, ankakonda bwemba. Ndiwo iliyonse bwemba, mpaka ine mano kuchita dzanzi. Atamwalira chaka chatha, ndinabzala kameneka. Loweruka lililonse ndimabwera kudzawauza nkhani za ku Limbe. Sayankha, koma ndi kale lomwe sankandimvera."

Anaseka okha, kenaka anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya, n'kunamizira fumbi.

"Komiti ikundidikira ku chisakasa kumunsiku. Tikamaliza ndibwera ndi khasu langa tidzathandizane. Udzu womwe ukudulawo uzikautaya kutali ndi mitengo, wamva? Mphepo ya lero sindikuikhulupirira."

"Ndamva, ankolo."

Anamva ndi khutu limodzi. A Dinesh atangotsika, Afisa anayamba kutchetcha ngati akuthamangitsidwa. Kokataya udzu kunali kutali, choncho ankangouunjika pansi pa mbawa, pamthunzi, poti adzauchotsa pambuyo pake.

4. Jumbo ya Ruqayyah

Dzuwa linafika paliwombo n'kupendekeka. Manja a Afisa anatuluka matuza. Dothi linali louma ngati njerwa, khasu likumangodumpha. Atayang'ana m'mbuyo, anaona kuti walambula theka lokha.

Anayang'ana nthawi pa kafoni. Anapalapala pang'ono, n'kuyang'ananso. Anatsikira pomwe njira ya ku chisakasa imaonekera, koma a Dinesh sanali kubwera. Anabwerera, anagwira khasu, analisiya, anagwira chikwanje.

"Iwe Afisa! Ukadali pompano?"

Anali Ruqayyah, mnzake woyandikana naye nyumba, womwetsa zigoli wa timu ya kusukulu kwawo. Anali kunja kwa waya, atavala kale yunifolomu ya mpira, jumbo ili m'manja. Mayi ake anamutuma sopo, mchere ndi machesi, iye n'kuona kuti akakazisiya kunyumba amupatsanso ntchito ina. Anakweza waya wapansi n'kukwawira m'kati.

"Wani koloko yayandikira, ukudziwa? Kochi ananena kuti wochedwa asavutike n'kubwera komwe. Tiye!"

"Sindingasiye theka. Atipumitsa chaka chonse. Ababa angafe nako kudandaula."

Ruqayyah anayang'ana udzu wotsalawo, n'kutsonya.

"Koma iwe ndi wa m'tauni zoona? Kaudzu aka mpaka kulira nako? Kwathu ku Mangochi munda wathunthu timangouyatsa, basi. Apa ndi maminitsi faifi."

"Ababa anakaniza."

"Ababa ako pano ali ku Chikwawa, akutsika mapiri. Phulusa tikwirira ndi dothi, aona ndani? Iwe uima uko ndi nthambi, ine kuno. Ukafuna kupitirira, tiuphwanya."

"A Dinesh anati abwera kudzandithandiza."

"Azibambo akakhala pa miting'i amatha lero? Afisa, pa malo apakati paja palibe wokuposa. Ukapanda kupita, atenga wina, ndipo chaka chamawa ukhala utapitirira zaka. Ufuna uzidzatiuza ukalamba kuti ndikanakhala katswiri koma ndinali kupala udzu?"

Anapisa m'jumbo n'kutulutsa bokosi la machesi.

Akuluakulu anati pawiripawiri sipauzirika, koma Afisa anafuna kuuzira ponse pawiri: chidindo cha a Gracian ndi mluzu wa kochi. Ananyowetsa chala ndi malovu n'kuchiimika m'mwamba. Mphepo inali itagona.

Pano tisamunamizire Ruqayyah. Machesi anabwera nawo ndi iye, inde. Koma amene analandira bokosi, n'kugwada, n'kuyatsa, anali Afisa mwana wa Che Nasoro. Atayatsa anaponya bokosilo m'thumba la siketi, momwe munali khadi.

5. Kamvuluvulu

Poyamba moto unamvera. Unayenda pang'onopang'ono motsata waya, ukuthetheka, atsikana awiriwo akuuweta ndi nthambi. Ruqayyah anaseka.

"Waona? Mapazi khumi atha kale!"

Asanatseke pakamwa, kuchokera kumsewu kunabwera kamvuluvulu. Kanali kakang'ono, konga tomwe ana amathamangitsa pabwalo. Kanalowa pa moto, kananyamula udzu woyaka, n'kuumwaza m'kati mwa paki, pa masamba ouma.

Panabuka moto pawiri, kenaka panayi. Afisa anathamangira uku n'kuphwanya, kwina kukuyaka. Nthambi yake inagwira moto. Utsi unamulowa m'maso.

"Tiye!" anakuwa Ruqayyah. "Palibe watiwona! Tiye, iwe!"

Anamukoka dzanja. Afisa anatola kachikwama ka nsapato, anakwawa pansi pa waya, ndipo awiriwo anatsetsereka phiri osacheuka. Sanathamangepo chotero chibadwire, ndipo kunalibe kochi woti aone.

Pa siteji anapeza minibasi ikulira.

"Ginnery, tauni! Ginnery, tauni! Awiri otsala! Bwerani masisteri!"

Ruqayyah analumphiramo. Afisa anaponda phazi limodzi pakhomo. Nthawi yomweyo kuphiri kunamveka chitsulo: ngwee! ngwee! ngwee! Linali limu lakale la tayala la lole lomwe limapachikidwa pa geti ya paki. Likalira chotero, membala aliyense womva amasiya chomwe wagwira.

Afisa anacheuka. Utsi wakuda unali utaima pamwamba pa mitengo, ndipo pakati pake ankatha kuona nsonga ya mbawa. Apo m'pamene anakumbukira mulu wa udzu womwe anaunjika pansi pake.

"Sisi, mukukwera kapena mukuyeza chitseko?" anafunsa kondakitala.

"Afisa, lowa!" anatero Ruqayyah. "Ukabwerera akugwira!"

Afisa anachotsa phazi. Kondakitala anamenya denga, minibasi n'kunyamuka. Chikondi cha nkhwangwa chimakoma pokwera. Ruqayyah anangotulutsa mutu pawindo, kenaka anaubweza.

Pokwera phiri Afisa sanali yekha. Telala wina wa pa siteji, a Ackim, ankathamanga tepi ikadali m'khosi. Mayi wina wogulitsa tomato anasiyira mnzake benchi n'kunyamula ndowa. Pa geti panaima galimoto ya ku Nyambadwe, zitseko zili pululu. Anthu anali atapanga mzere kuchokera pa kasupe, akupatsirana ndowa. Ena ankaphwanya moto ndi masaka onyowa. A Gracian ankaliza wezulo, akuloza uku ndi uku.

Afisa anadutsa onsewo mpaka pa ndime 14.

Mulu uja unali utagwira moto mbali imodzi, malawi akunyambita khungwa la mbawa. Pakati pa utsi panali a Dinesh, chipewa chitagwa, akukoka udzu woyaka ndi khasu kuuchotsa pa mtengo. Ankatsokomola, koma sankaleka.

Kumanzere kwawo, mzere wina wa moto unkakwawa m'masamba kulunjika pa kamtengo ka bwemba. Panatsala mapazi ochepa.

"Ankolo! Bwemba!" anakuwa Afisa.

A Dinesh anatembenuka kamodzi kokha. Anayang'ana kamtengo kawo, anayang'ana mulu womwe unali kuyaka.

"Koka udzuwu!" anakuwa. "Tikausiya, mtengo wapita! Koka!"

Afisa anatola khasu lake n'kuyamba kukoka. Anakoka mpaka matuza anaphulika. Anakoka akulira, ndipo sunali utsi wokha womuliza. A Ackim anafika ndi ndowa n'kukhuthulira pa thunthu, wina anabwera ndi ina, mpaka pansi pa mbawa panasanduka matope akuda.

6. Chidindo

Moto unazima 3 koloko itangopitirira. Malo omwe anapsa anali aakulu ngati mabwalo awiri a mpira wamanja. Anthu anakhala pansi, akuda ngati ogulitsa makala, akupatsirana madzi akumwa.

Mbawa inawauka mbali imodzi, koma inaima. Afisa anapukuta kachitsulo kake ndi mpango, dzina n'kuonekera: Asiyatu Nasoro.

Pomwe panali bwemba panatsala kandodo kakuda. A Dinesh ananjuta pomwepo. Anatola kachitsulo m'phulusa, anakauzira, n'kukasunga m'chikhatho. Tsitsi la pamikono yawo linali litapserera.

"Ankolo," anatero Afisa, "bwanji simunathamangire wanu?"

"Manja ndi awiri, mwanawe," anayankha osamuyang'ana. "Winawu wakula zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Ndipo mwini wake kulibe lero chifukwa ndamutuma ndine."

A Gracian anafika, buku lili m'khwapa. Anali munthu wamtali, wouma, yemwe anakalambira pa ntchito ya nkhalango.

"Ndi osaka mbewa awa," anatero mokwiya. "Chaka ndi chaka. Amayatsa kunja kwa waya, moto n'kulowera pomwe ndime sinathe. Koma mwana uyu tamuombereni m'manja. Ndamuona ine. Walimbana ndi moto mpaka manja kutuluka magazi."

Anthu anaomba m'manja. Mayi wina wa ku Nyambadwe, mwini galimoto ija, anamupatsa botolo la madzi ozizira n'kumusisita pamsana. Afisa anamva manyazi omwe sanawamvepo chibadwire. Kukanakhala bwino akanamumenya.

"Ndime yanu sinathe, koma zolakwa si zako," anapitiriza a Gracian, akutulutsa chidindo. "Theka walambula, theka lamalizidwa ndi moto. Bweretsa khadi ndidinde."

Afisa anapisa dzanja m'thumba. Zala zake zinakhudza khadi. Zinakhudzanso bokosi.

Palibe amene akanadziwa. Ruqayyah sakananena. Osaka mbewa alibe dzina, ndipo sakanabwera kudzakana. Afisa anayang'ana a Dinesh, omwe anali chinjutire, akutembenuza kachitsulo m'manja.

Anatulutsa zonse ziwiri n'kuziika pa buku la a Gracian.

"Si osaka mbewa," anatero. "Ndayatsa ndine. Ndimafuna ndimalize msanga ndipite ku mpira. Ababa anandikaniza. A Dinesh anandiuza za udzu, sindinamvere. Moto utakula ndinathawa mpaka pa siteji."

Dzanja lomwe linkamusisita pamsana linachoka.

A Gracian anayang'ana bokosi la machesi nthawi yaitali. Kenaka anabweza chidindo m'thumba.

"Mwana iwe, tamvera, ndipo ana ena onse ali panowa amve nawo. Njira iyi timailambula chaka chilichonse kuti titchinge moto wochokera kunja. Wa osaka mbewa, wa osuta fodya, wa otentha zinyalala. Moto umenewo timaudziwa, ndipo timaudikira. Koma palibe njira yotchinga moto woyatsidwa ndi mwini khadi. Paki ino ilibe asilikali. Waya uyu ngakhale mbuzi imadutsa. Chomwe chimaisunga ndi chakuti banja lililonse limakhulupirira kuti la pambali pake lichita mbali yake. A Ackim asiya makina awo. Mayi awa asiya tomato pamsewu. Sanafunse kuti ukupsawo ndi mtengo wa yani. Ukuganiza amalipirira chiyani umembala? Kuona apusi? Apusi ali ndi ku Limbe komwe. Amalipirira kuti tsiku lomwe iwo kulibe, wina adzaimirire mtengo wawo. Iwe lero unapatsidwa ndime ya mapazi makumi anayi, ndipo unaiona kutalika. Taona kutalika kwa yomwe wapsereza."

Afisa sanapukute misozi.

"Kunena zoona wanena, ndipo sindibisa, ambiri sakanatero. Zimenezo ndikazinena. Koma lamulo sindinalembe ndine ndekha. Khadi ili nditenga. Komiti ikumana Lachitatu, ndipo bambo ako adzabwere nawe. Kumeneko n'komwe akagamule ngati dzina la mayi ako likhalebe pa mtengowu."

Khadi lobiriwira linalowa m'buku, buku n'kutsekedwa.

Afisa anapita pomwe panali a Dinesh n'kugwada m'phulusa.

"Ankolo, pepani."

A Dinesh anadzuka pang'onopang'ono, atagwira bondo. Anatola khasu lawo n'kumuonetsa.

"Ndinakuuza kuti ndibwera ndi khasu," anatero. "Pomwe utsi umayamba, n'kuti ndili m'njira, ndikukwera."

Mawu amenewo anamulasa Afisa kuposa onse a a Gracian.

"Lachitatu ine ndidzakhala nawo m'komitimo," anapitiriza. "Chomwe ndikanene sindikuchidziwa. Lero usandifunse."

Anaika kachitsulo ka mayi Priya m'thumba la malaya, cha pamtima. Asanasunthe phazi, m'thumba la Afisa munalira kafoni. Pa galasi lake losweka panalembedwa kuti Ababa.

Kanalira kawiri, katatu. Anthu onse anali kumuyang'ana.

"Yankha," anatero a Dinesh.

Afisa anadina batani. Kafoniko kanali kaphokoso, ndipo mawu a Che Nasoro anamveka mpaka kwa a Ackim, osangalala, injini ya lole ikulira kumbuyo kwawo.

"Mwanangu! Ndafika bwino ku Nsanje. Ndime ija yatheka? Nanga mayi ako ali bwanji?"